Lipenga Likabwereka Nyimbo ya Kwaya

M'mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, magulu a achinyamata oimba malipenga ndi ng'oma akuguba amasonkhana mumzinda wa Indianapolis ku America kukapikisana m'bwalo la Lucas Oil Stadium. Gulu lalikulu limakhala ndi anthu 150 kapena kuposerapo, ndipo limapatsidwa mphindi pafupifupi 11 zoti lionetse zomwe lakhala likukonzekera kwa miyezi yambiri. Mbali yaikulu ya mphindi zimenezi ndi liwiro lokhalokha: mapazi akuponda katatu pa sekondi imodzi, ng'oma zikutekesa, mizere ikupindika ndi kuwongoka. Koma chapakati penipeni ng'oma zimati zii, mapazi amabweza moto, ndipo malipenga 70 kapena 80 amayamba kulira motsitsa ngati kwaya ya m'tchalitchi. Chigawo chimenechi eni ake amachitcha ballad, ndipo kawirikawiri nyimbo yake imakhala yotengedwadi ku kwaya. Mwambo wobwereka nyimbo ku kwaya ndi wakale kwambiri kuposa mpikisano wa ku Indianapolis, ndipo uli ndi vuto lake lomwe silinathe. M'Chichewa timati mawu ponena zomwe munthu walankhula, timatinso mawu ponena kamvekedwe ka pakhosi pake. Lipenga limatha kutsanzira mawu achiwiriwa, koma oyambawo limawasiya m'buku. Mbiri ya mwambowu ikaunikidwa bwino imasonyeza kuti anthu amene ankasankha nyimbo mwanzeru sankayamba ndi kufunsa ngati nyimboyo ndi yokoma. Ankayamba ndi kufunsa kuti nanga mawu akatsala m'buku, chidzalankhula m'malo mwake n'chiyani.

Ubale wa lipenga ndi pakhosi pa munthu wagona pa mpweya. Woimba ng'oma akhoza kupitiriza mpaka manja atalema, koma woimba lipenga, monganso woimba m'kwaya, amaima pomwe mpweya wathera m'chifuwa. Mzere wa nyimbo umene unalembedwa kuti munthu autchule ndi mpweya umodzi umakhala wautali wokwanira bwino pa lipenga, ndipo pamene kwaya ikanapumira ndi pomwenso bandi imapumira. Komabe kwa zaka zambirimbiri lipenga la asilikali silinkatha kuimba nyimbo ya m'tchalitchi. Linali chitoliro chopinda chopanda podina, lotulutsa manoti asanu kapena asanu ndi imodzi, okwanira kudzutsa asilikali m'mawa, kuwaitanira ku chakudya ndi kuwagoneka usiku. Ndi lipenga lolamula phazi limeneli lomwe makolo athu analiona kwa asilikali a King's African Rifles, m'masiku omwe magule a beni ndi malipenga ankafalikira kuno. Zinthu zinasintha pamene Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel analembetsa mavavu, timabatani todina ndi zala, ku Prussia mu 1818, ndipo m'zaka za m'ma 1840 Adolphe Sax ku Paris anapanga banja lathunthu la malipenga, kuyambira laling'ono lamawu okwera mpaka lalikulu lamawu otsika. Kuyambira pamenepo gulu la anthu oyenda mumsewu linatha kugawana sopulano, aluto, tenala ndi besi ngati mmene imachitira kwaya iliyonse, n'kuimba kuchokera m'buku la nyimbo lomwelo.

Amene anali atatsogola kale pa njirayi ndi a mpingo wa Moravian, chifukwa iwo ankagwiritsa ntchito thirombo, lipenga lokoka ndi kukankha lomwe limatulutsa manoti onse popanda vavu. Mudzi wawo wa Herrnhut ku Germany unakhazikitsidwa mu 1722, ndipo anthu awo amene anakamanga Bethlehem ku Pennsylvania analandira malipenga awo a mtunduwu mu 1754. Zomwe ankachita nawo n'zoyenera kuziyang'ana pafupi, chifukwa nkhani yonse ili pomwepo. Munthu akamwalira mumpingo, oimba ankakwera pansanja ya tchalitchi n'kuliza nyimbo zitatu. Yoyamba ndi yomaliza zinali chuni chimodzi, cha nyimbo ya masautso a Yesu, ndipo aliyense womva ankadziwa kuti m'mudzi mwagwa zovuta. Yapakati ndiyo inkasintha. Mpingo wa Moravian unkagawa anthu ake m'magulu, la amuna okwatira, la amayi apabanja, la amayi amasiye, la anyamata, la atsikana, la ana, ndipo gulu lililonse linali ndi nyimbo yake ya maliro. Mayi ali kumunda kapena mmisiri ali pa ntchito ankangotchera khutu ku nyimbo yachiwiriyo n'kudziwa ngati watisiya ndi mwana kapena gogo wamasiye. Pansanja paja panalibe wotchula liwu ndi limodzi lomwe, koma uthenga unkafika wathunthu, chifukwa ndime zonse za nyimbozo zinali kale m'mitu ya omvera. Lipenga linkangozidzutsa. Ndi mmenenso zimakhalira pa Pasaka ku Salem, m'boma la North Carolina, komwe mwambo wa m'bandakucha unayamba mu 1772: mabandi amayenda m'misewu usiku kudzutsa anthu ndi nyimbo za m'buku, ndipo khamu likamapita kumanda magulu a oimba amayankhizana, lina uku lina uko, mizere ya nyimbo yomwe aliyense amaidziwa.

Mfundo yakuti lipenga ndi wantchito wa mawu inadzafika pokhala lamulo. Ku Germany, m'busa Johannes Kuhlo, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1856 mpaka 1941, anafalitsa magulu a malipenga a m'mipingo ndipo anakana kalembedwe ka manoti ka mabandi a asilikali. Iye anaphunzitsa anthu ake kuwerenga kuchokera m'buku la kwaya mwachindunji, ndipo ankakonda malipenga ofewa mawu, oyandikira pakhosi pa munthu, kuposa aja olasa khutu. Ku England, a Salvation Army anayamba ndi banja la Fry ku Salisbury mu 1878: bambo Charles Fry ndi ana awo aamuna atatu anabwera ndi malipenga awo kudzathandiza alaliki amene ankasowetsedwa mtendere ndi anthu achipongwe mumsewu. Mabandi anachuluka msanga, koma William Booth, yemwe anayambitsa mpingowu, ankaopa kuti oimba angayambe kukonda luso lawo kuposa uthenga. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mabandi ake ankaloledwa kuliza nyimbo zokhazo zomwe zinali ndi mawu odziwika, kuti munthu woima m'mbali mwa msewu akamva chuni akumbukire ndime yake. Lamuloli linkaoneka louma, ndipo pambuyo pake linafewetsedwa, koma linachokera pa kuzindikira kolondola. Chuni chokoma chikhoza kumugwira mtima munthu osamuuza kanthu, ndipo Booth ankafuna kuti auzidwe.

Ku New Orleans anthu akuda anafika pa nzeru yomweyo kudzera m'njira ya kumanda. Mabungwe othandizana pa matenda ndi pa maliro ankalemba bandi kuti iperekeze membala wawo, ndipo ulendowo unali ndi magawo awiri. Popita, woimba ng'oma yaing'ono ankaiphimba kapena kumasula timawaya take kuti imveke mogonthera, anthu ankaponda pang'onopang'ono, ndipo malipenga ankaliza nyimbo za m'tchalitchi monga Nearer, My God, to Thee ndi Just a Closer Walk with Thee. Thupi likasiyidwa, timawaya tija tinkabwezeredwa, ng'oma inkathamanga, ndipo khamu linkabwerera likuvina. Dziko lonse limadziwa gawo lachiwirili, koma limayamba kumveka pokhapokha loyamba litagwira ntchito yake. Ndipo loyambalo silinkafuna nyimbo yachilendo. Anamfedwa amene akutsatira bokosi alibe mphamvu zomvetsera chinthu chatsopano. Chimene chimawagwira ndi nyimbo yomwe anaiimbapo ndi malemuyo pa benchi limodzi. Aliyense amene anagonapo pa siwa kwathu kuno amadziwa kuti mayi mmodzi akangoyamba kung'ung'udza chuni chapansipansi, nyumba yonse imadziwa nyimboyo asanatchule liwu. Bandi ya pamaliro imadalira chinthu chomwecho.

M'kupita kwa zaka, anthu okonzera mabandi nyimbo anaphunziranso kuti si nyimbo iliyonse ya kwaya yomwe imapirira kusamutsidwa. Nyimbo ya mawu ambiri, imene imabwereza noti imodzi kasanu kapena kasanu ndi kawiri chifukwa choti pali zilembo zoti zitchulidwe, pa lipenga imangomveka ngati munthu akugogoda chitseko. Nyimbo ya ndime zisanu zomwe chuni chake n'chimodzimodzi imatopetsa ikafika ndime yachitatu, popeza chimene chinkasiyanitsa ndimezo chatsala m'buku. Zimene zimapulumuka ndi nyimbo za mawu ochepa ndi manoti aatali, zomwe zimakwera pang'onopang'ono mpaka pachimake chimodzi n'kutsikanso. Chitsanzo chabwino ndi Salvation Is Created, imene Pavel Chesnokov analembera kwaya ya mpingo wa Orthodox ku Russia mu 1912. Mawu ake ndi chiganizo chimodzi cha m'Masalimo ndi aleluya basi, ndipo chiganizocho chimatambasulidwa kwa mphindi zingapo kuyambira pa mabesi otsika kwambiri. Patangopita zaka zisanu boma la chikomyunizimu linalowa, nyimbo za m'tchalitchi zinasowa pozimbira, koma mu 1957 Bruce Houseknecht anaikonzera bandi ku America ndipo mpaka lero mabandi a m'sukulu amaigwiritsa ntchito pophunzira kumverana. Percy Grainger anachita kupitirira apo. Mu 1902 anatenga chuni chakale cha ku Ireland n'kuchilembera kwaya yoimba popanda mawu, yongong'ung'udza, ndipo mu 1918, ali msilikali woimba m'bandi ya asilikali a America, anatulutsa nyimbo yomweyo ya bandi pa dzina la Irish Tune from County Derry. Apa panalibe chotayika posamutsa.

Apa ndi pomwe wina angaimike nkhaniyi n'kunena kuti mfundo ya mawu yagwa. Ngati Grainger anatha kulemba nyimbo ya kwaya yopanda mawu n'kugwira nayo mitima, ndiye kuti chuni ndi kugwirizana kwa manoti zimakwana pazokha. Umboni wamphamvu kwambiri wa mbali imeneyi ndi Gresford, nyimbo ya anthu a m'migodi ya malasha ku Britain. Pa 22 Seputembala 1934 mgodi wa Gresford pafupi ndi Wrexham ku Wales unaphulika n'kupha anthu 266, ndipo mitembo ya ambiri a iwo inatsekeredwa pansi pomwepo osatulutsidwa. Robert Saint, wa ku Hebburn kumpoto kwa England, yemwe naye anagwirapo ntchito mumgodi, analemba nyimbo ya bandi yomveka ngati ya m'buku la tchalitchi, koma sanaipatse mawu. Chikhalirecho imalizidwa chaka ndi chaka pa msonkhano waukulu wa anthu a m'migodi ku Durham, umene unayamba mu 1871, ndipo amuna akuluakulu amavula zipewa misozi ili m'maso. Zonsezi n'zoona. Koma tiyeni tione zomwe zimazungulira nyimboyo ikamalira. Dzina lake ndi dzina la mgodi umene unameza anthu. Oiliza ankakhala anthu amene mawa lake akatsikanso pansi. Bandi imayenda limodzi ndi mbendera ya mudzi, ndipo mbendera ya mgodi umene mwafa munthu chaka chimenecho inkakutidwa ndi nsalu yakuda. Gresford sinasowe mawu chifukwa tsikulo, dzinalo ndi nsalu yakudayo zinali zitanena kale zonse. Munthu wosadziwa chilichonse mwa izi akaimva pa wailesi adzati ndi nyimbo yokoma yachisoni, ndipo adzakhala wanena zoona, koma sadzavula chipewa.

Magulu a ku America amene tayamba nawo aja, omwe amatchedwa drum corps, anafika mochedwa pa mwambo umenewu. Anayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pansi pa mabungwe a asilikali opuma monga American Legion, komanso m'maparishi a Katolika ndi m'magulu a masikauti. Ntchito yawo inali pelete, ndipo malipenga awo anali aja a asilikali a manoti ochepa. Mavavu ankaloledwa mwapang'onopang'ono, imodzi kaye, kenako awiri m'zaka za m'ma 1970, atatu mu 1990, ndipo mu 2000 mpamene analoledwa kugwiritsa ntchito malipenga wamba a bandi. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale pa nthawi yomwe zida zawo zinali zoperewera, ankazitcha maina a kwaya: sopulano, aluto, baritoni, kontirabesi. Bungwe la Drum Corps International litachititsa mpikisano wake woyamba ku Whitewater, Wisconsin, mu 1972, oweruza anali akuwerengabe zolakwa chimodzichimodzi n'kumachotsa malikisi, ndipo nyimbo yodekha inali msampha popeza cholakwa chilichonse chimakhala poyera. Komabe magulu ankaiimba, ndipo ankasankha mwa njira yakale ija. Gulu la 27th Lancers la ku Revere, Massachusetts, dera la anthu ambiri ochokera ku Ulaya, linkadziwika ndi Danny Boy, chuni chomwe chija cha Grainger chitavekedwa mawu a Frederic Weatherly mu 1913. Madison Scouts, gulu lomwe linayamba mu 1938, linatenga You'll Never Walk Alone ya m'sewero la Carousel la 1945, ndipo mamembala ake amaiimba ndi pakamwa atakumbatirana, achinyamata pamodzi ndi akale omwe. Khamu la m'sitediyamu linkadziwa mawu a nyimbo zonsezi, ndipo linkadziwanso kuti iyi ndi ya gulu lakuti.

Zida zitakwanira, maso a okonza nyimbo anatembenukira ku makwaya amakono, ndipo apa mpamene kasankhidwe kanasintha. Morten Lauridsen analemba O Magnum Mysterium mu 1994, ndipo H. Robert Reynolds anaisamutsira ku bandi mu 2003. Eric Whitacre analemba Lux Aurumque ndi Sleep cha m'ma 2000, nazonso zinalowa m'mabandi. Nyimbo zimenezi zimakoma chifukwa cha manoti oyandikana kwambiri amene amakhulana pang'ono asanamasuke, ndipo zimamveka bwino m'zipinda zamwala momwe liwu limatsalira m'mwamba woimba atatseka kale pakamwa. Pa bwalo la mpira lapanja palibe khoma lobweza liwu. Noti ikatha yatha, ndipo oimba amayenera kupuma mosinthanasinthana kuti mzere usaduke. Bwalolo ndi lotalika mamita 91, ndipo popeza liwu limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, wakumapeto uku amamumva mnzake wakumapeto uko mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Ng'oma zikakhala chete, aliyense ayenera kusiya kukhulupirira khutu lake n'kuyang'ana manja a wotsogolera. Phazi nalo ndi mdani: kuponda kulikonse kumagwedeza mlomo pa lipenga, n'chifukwa chake amaphunzitsidwa kutera ndi chidendene n'kugudubuza phazi mpaka ku zala, mwamba mwa thupi muli phee ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Pofuna kuliza motsitsa kwambiri, gulu lonse limafulatira anthu n'kulizira kumbuyo, kenako n'kutembenuka pomwe nyimbo yafika pachimake. Luso limeneli ndi lalikulu ndipo liyenera kulemekezedwa. Mnyamata wazaka 19 amene wasunga noti yake molunjika akuyenda chambuyo pa dzuwa la masana wachita chinthu chimene oimba ambiri a m'nyumba sangachite.

Koma khamu la m'sitediyamu silidziwa Chilatini cha nyimbo ngati O Magnum Mysterium ndi Lux Aurumque, ndipo ambiri sanamvepo nyimbozi zikuimbidwa ndi kwaya. Otsutsa angabwerenso apa ndi umboni wina wabwino. Whitacre analemba Sleep pa ndakatulo ya Robert Frost, koma osunga chuma cha mlakatuliyo anakana kupereka chilolezo, ndipo Charles Anthony Silvestri analemba mawu ena atsopano okwana pa manoti omwewo. Nyimbo inavula mawu ena n'kuvala ena, osafa. Kodi si umboni woti mawu ndi chovala chabe? Yankho lili m'zimene magulu enieniwo amachita. Akanakhala kuti amakhulupirira kuti kamvekedwe kokha n'kokwanira, bwenzi akungoima n'kuliza. M'malo mwake amamanga nkhani mozungulira nyimboyo. Mu 2006 Phantom Regiment ya ku Rockford, Illinois, inatenga Ave Maria ya Franz Biebl, nyimbo imene inalembedwera kwaya ya amuna ozimitsa moto pafupi ndi Munich, n'kuiika pakati pa nthano ya Faust, munthu wogulitsa moyo wake kwa Satana. Anthu anali ataona kale mdima wa chigawo choyamba, ndipo pemphero la malipenga linafika ngati madzi pa moto. Nthano, zovala ndi ovina zinagwira ntchito yomwe ku Bethlehem inkagwiridwa ndi chikumbumtima cha mpingo, ndi ku Durham ndi nsalu yakuda. Ndipo pamene cholowa m'malo chasiyana ndi mawu oyamba, tanthauzo limasuntha. Mu 2014 gulu la Bluecoats la ku Canton, Ohio, linaliza Hymn of Acxiom ya Vienna Teng, ndipo anthu ambiri amaikumbukira ngati imodzi mwa nyimbo zodekha zokoma kwambiri m'mbiri ya mpikisanowu. Teng anailemba dala kuti imveke ngati nyimbo ya m'tchalitchi, koma wolankhula m'mawu ake ndi makina osonkhanitsa zinsinsi za anthu kuti azigulitse kwa amalonda, ndipo kukoma kwake ndi kwa nyambo. Pa lipenga chenjezolo linatsala m'buku, n'kutsala chitonthozo chokha. Gululo linaimba bwino zedi, koma womvera amene sanamvepo mawu ake anapita kwawo ndi nyimbo ina, yosiyana ndi yomwe inalembedwa.

Palinso dandaulo lochokera mbali ina, la anthu opemphera, ndipo si lopepuka. Iwo amati pemphero silinalembedwe kuti lizipatsidwa malikisi ndi oweruza ovala mayunifomu, pakati pa anthu akudya ndi kukuwa. Pali choonadi m'menemo, makamaka pamene nyimbo ya mphindi zisanu ndi imodzi yadulidwa kuti ikwane mphindi ziwiri, n'kusiyamo pachimake pokha pomwe anthu amaombera m'manja. Koma mbiri siili kumbali ya amene akufuna kutsekera nyimbozi m'tchalitchi, chifukwa anthu a Moravian, a Salvation Army ndi a ku New Orleans onse anazitulutsira mumsewu mwadala, ndipo ankaona kuti mumsewumo ndi momwe zikufunika. Chimene dandauloli limavomereza mosadziwa n'chakuti mawu amamatirira pa chuni ngakhale palibe wowatchula. Mu 2006 momwemo, ana a bandi ya sukulu ina ya boma m'dera la Everett, m'boma la Washington, anasankha kuliza Ave Maria ya Biebl yomweyo pa mwambo wotsazika sukulu, popanda woimba ndi pakamwa, popanda mawu osindikizidwa. Akuluakulu a maphunziro anakana, poti nyimboyo ndi yachipembedzo. Nkhani inapita kukhoti, khoti la apilo linagwirizana ndi akuluakuluwo mu 2009, ndipo mu 2010 khoti lalikulu la America linakana kuimva, ngakhale woweruza Samuel Alito analemba kuti sakugwirizana nazo. Kaya chigamulocho chinali choyenera kapena ayi, mbali zonse ziwiri zinkakangana za nyimbo yomwe inalibe liwu ndi limodzi lomwe lomveka. Mawu awiri a pamutu pake anali okwanira kubweretsa pemphero lonse m'holo.

Mayiko nawo amalimva vutoli pa miyambo yawo ya asilikali, komwe kuguba kodekha kumakhala masitepe 60 kapena 65 pa mphindi, theka la kuguba kwa masiku onse, liwiro lomwe limagwirizana bwino ndi nyimbo ya m'buku. Kwathu kuno bandi ya apolisi kapena ya asilikali ikaliza nyimbo ya fuko yomwe Michael Sauka anapeka, palibe amafuna kwaya, chifukwa mwana aliyense wa sukulu amanyamula pempherolo m'mutu. Ku India zinali zovutirapo. Pa 29 Januwale chaka chilichonse mabandi a asilikali amatseka zikondwerero za dziko ndi mwambo wa Beating Retreat ku Vijay Chowk mumzinda wa New Delhi, dzuwa likulowa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mwambowu unkatha ndi Abide with Me, nyimbo imene m'busa Henry Francis Lyte analemba mu 1847 atatsala pang'ono kumwalira, ndipo William Henry Monk anaipatsa chuni chake mu 1861. M'dziko lomwe Akhristu ndi ochepa, chimene chinkailankhulira nyimboyi si ndime zake za Chingerezi. Chinali chikumbukiro chakuti Mahatma Gandhi ankaikonda, mabelu omwe ankayankha kuchokera pamwamba pa nyumba za boma, ndi zaka zambiri zoimva pa ola lomwelo. Mu 2022 boma linaichotsa, ponena kuti mwambowu uyenera kukhala ndi nyimbo za ku India komweko, ndipo asilikali ambiri opuma anadandaula poyera kuti awalanda nyimbo yomwe ankakumbukira nayo anzawo amene anafera kunkhondo. M'malo mwake munalowa Ae Mere Watan Ke Logon, nyimbo ya Chihindi yolira asilikali amene anafa pa nkhondo ya India ndi China mu 1962, yomwe Lata Mangeshkar anaiimba koyamba mu Januwale 1963 pamaso pa Jawaharlal Nehru. Madzulo a 29 Januwale 2022 malipenga anailiza popanda woimba, pamaso pa khamu limene linakula likumva mawu ake pa wailesi.